Dzanja Lamanzere la Bambo Dennis

Bambo anga anali okhoma zidebe pa msika wa Lirangwe, koma chimene chinawatchukitsa ndi banjo. Ankapanga okha: chitini cha mafuta, chikopa cha mbuzi, mpini wosema bwino, ndi nsambo zinayi za waya wa mabuleki a njinga. Pa ana awo onse, amene ndinaphunzira kuimba ndine ndekha. Sikuti ndinali ndi luso ayi, koma anzangawo ankathawa bambo akangoyamba kukalipa. Mkulu uja ankaphunzitsa munthu ngati akukhoma chidebe.

Tsiku limene ndinkanyamuka kupita ku Mangalande sanandiperekeze. Anati ali ndi mbaula za eni ake zoti amalize. Ndinakawatsanzika pa msika pomwepo, atakhala pa chitsa, nyundo ili m'manja.

"Ukagwire ntchito kumeneko, usakasanduke mtchona," anatero, n'kupitiriza kukhoma.

Ku Leicester ndinkagona ku Spinney Hill, m'kachipinda ka pamwamba pa butchala ya Mmwenye wina wobadwira ku Limbe, amene ankandipatsa moni m'Chichewa cha m'masitolo akale. Ntchito ndinkagwira ku Wigston, kunyumba yosamalira okalamba. Kusambitsa, kuveka, kudyetsa, kutembenuza anthu pabedi kuti asachite zilonda. Walira mvula walira matope. Ndinkafuna Mangalande ndipo ndinamupeza, akununkha sopo ndi mkodzo.

Patapita zaka, mapepala anga okhalira m'dzikomo anatha. Loya anatumiza pempho latsopano pamodzi ndi pasipoti yanga, nandichenjeza kuti ndikangotuluka yankho lisanabwere, pempholo lafa ndipo chitseko chatsekeka. M'miyezi yomweyo mlongo wanga Esinati anaimba foni kuti bambo agwa pa msika. Inali sitiroko. Inawatenga mbali yonse yakumanja, ndi mawu omwe.

"Ndibwere?" ndinamufunsa.

"Mukabwera, mankhwala azigula ndani, achimwene? Dikirani mapepalawo. Bambo akudya bwinobwino."

Kuyambira pamenepo ndinkangofuna chinthu chimodzi, kuti pasipoti ibwere ndikawapeze bambo ali moyo. Ndikaimba foni, Esinati ankawaika foniyo pakhutu. Ine ndinkayankhula za chisanu ndi za mabasi, ndipo kumbali inayo ndinkangomva kupuma kwawo ndi nkhuku zikulira pabwalo. Za banjo sindinkazitchula. Ndinkaona ngati kutero n'kuwatosa pachilonda.

Kuntchito kunali nkhalamba ina dzina lake Bambo Dennis. Moyo wawo wonse anagwira ku fakitale yoluka masokosi. Nawonso inali sitiroko, koma iwo inawatenga mbali yakumanzere. Pakamwa panatsala bwinobwino, ndipo ankapagwiritsa ntchito mokwanira. Phala lazizira, tiyi ndi wamadzi, manja athu ndi aukali. Mnzanga wa shifiti, Tembo, Mzambiya wa ku Lusaka, akangomva belu la chipinda chawo ankandikankha ndi chigongono.

"Yenda iwe, mwana. Uja mudala anganipayise na BP."

Pamwamba pa wodilobu yawo panali chibokosi chakuda, chozungulira kumunsi, chachitali kumtunda. Munthu wokulira m'nyumba mwathu sakanafunsa kuti muli chiyani. Tsiku lina ndikuwaveka malaya ndinangoti, "Bambo anga nawonso amaimba banjo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekezera chipongwe. M'malo mwake anati, "Tsitsa bokosilo, bakha wanga." Musadabwe, anthu a ku Leicester amatchulana bakha akakhala kuti akondana. Poyamba ndinkakwiya nazo.

Banjo yawo inali yolemera ngati mwana wa zaka ziwiri, yazitsulo zonyezimira kuzungulira chikopa. Nsambo zinali zisanu. Yachisanuyo inali yaifupi, yothera pakati pa mpini, ndi chochunira chake pambali pomwepo. Ndinafunsa kuti kodi inaduka n'kulumikizidwa. Anaseka, koyamba chifikireni changa panyumbayo. Anati imeneyo saidina ndi chala, imangolira liwu lake limodzi lomwelo, nyimbo ipite kumene ingapite.

Nyimbo zawo ankazitcha bulugirasi, ati dzinalo linayambira pa udzu wina wa ku Kentaki. Ndikamawameta ndevu kapena kuwadula zikhadabo ankandifotokozera pang'onopang'ono. Zinabadwira m'mapiri a ku America, kwa azungu osauka amene makolo awo anachoka ku Sikotilandi ndi ku Ayalandi atanyamula vayolini ndi nyimbo zakwawo. Banjo anaipeza kwa anthu akuda. Akapolo ochokera ku Africa kuno ankaipanga ndi chipanda ndi chikopa, pokumbukira zoimbira zimene anasiya kwawo.

"Ndi yakwanu imeneyi," anatero.

Ine ndinatsutsa. Ndinati banjo kwathu inabwera ndi anthu a ku Joni, ndipo bambo anga anaphunzira kwa malume awo amene anagwira ku migodi.

"Ndiye kuti inazungulira dziko lonse n'kubwerera kwawo," anayankha.

Ndinati mumtima, kani nayonso banjo inakhalapo mtchona. Koma iyo inabwerera.

Anali ndi kawailesi koimbira ma CD pambali pa bedi. Ndikamayala zofunda ankandiuza kuti nditchere khutu. Iyo ndi vayolini. Iyo ndi gitala. Chogunda pansicho ndi besi, chachikulu kuposa munthu, choimba ataimirira. Iyo yolira ngati ikudandaula ndi dobulo, gitala yogoneka pamiyendo imene amaikhwekhwereza ndi kachitsulo. Ndinafunsa kuti ng'oma ili kuti. Anati mulibe ng'oma, mulibenso magetsi. Ntchito ya ng'oma imagwiridwa ndi mandolini, kamene kamangoti tcha, tcha, ngati nkhwangwa pa chikuni. Nyimbo yopanda ng'oma ndinkaiona ngati ndiwo zopanda mchere, koma phazi langa linkagunda lokha.

Khutu litazolowera Chingerezi cha anthu a m'mapiriwo, ndinadabwa. Liwiro linali la paukwati koma mawu anali a pamaliro. Munthu wapita ku migodi ya malasha kapena ku mafakitale a m'tauni, akulakalaka kanyumba kakwawo kuphiri, ndipo pobwerera wapeza amake ali m'manda. Nyimbo ina, sitima yamutengera kutali. Ina, sadzaonanso kwawo. Oimba ake amakweza mawu m'mwamba kwambiri, odzera m'mphuno, ngati munthu akuitana mnzake ali kutsidya kwa dambo. Masiku ena ndinkawapempha kuti azimitse. Sankandifunsa chifukwa chake.

Amene anayambitsa zoti tiziimba awiri banjo imodzi ndi iwowo. Dzanja lawo lamanja linali lamoyo, langa lamanzere linkadziwa mpini. Manijala wa panyumbapo anavomera, nati n'zolimbitsa thupi. Ndinkawakhazika pa mpando wopanda zogwirira, ine n'kukhala kumbuyo kwawo chakumanzere. Mkono wawo wakufawo tinkaugoneka pa pilo, wanga n'kudutsa pansi pake kukagwira mpini. Tsaya langa linkatsala pang'ono kukhudza khutu lawo. Tembo atatipeza koyamba anagwira pamimba ndi kuseka.

"Chala chimodzi sichiswa nsabwe, zoona! Manje mukachita bwino azatamanda ndani?"

Sizinali zophweka. Kwathu banjo timaikwapula ndi dzanja lonse, nsambo zonse pamodzi, kuti ovina amve. Iwo ankavala zikhadabo zachitsulo pa chala cha mkombaphala ndi chapakati, china chapulasitiki pa chala chachikulu, n'kumakodola nsambo imodziimodzi. Zala zitatuzo zinkapokezana mwaliwiro mpaka mawu ankangogubuduzika ngati matalala padenga la malata. Kachunidwe kawonso kanali kena, ndiye malo onse amene bambo anga anandiphunzitsa anasokonekera. Komanso dzanja lamanzere m'nyimbo zimenezi silimangodina. Pena ukhwekhwereze chala kuti liwu likwere, pena umenye nsambo ndi chala, pena uikoke pochotsa. Ndikachedwa, ankakalipa. Ndikafulumira, ankakalipanso.

"Dzanja langa lero ndi laulesi," ankatero. Ankalitcha lawo.

Ine kukalipiridwa pa banjo ndinakuzolowera ndili mwana, ndipo kunena zoona ndinkakusowa. Patapita miyezi ndinayamba kudziwa posinthira popanda kuuzidwa. Ankakoka mpweya pang'ono asanasinthe, ndipo ine ndinkaumva pamsana pawo.

Kale ankaimba ndi anzawo anayi m'chipinda chakuseri kwa malo ena omwera mowa. Chidwalireni, anawaletsa onse kudzawaona. Sankafuna kuti awaone akudyetsedwa phala. Koma tsiku lina titamaliza nyimbo yonse osalakwitsa, anauza manijala kuti aimbire foni Mayi Pauline, woimba vayolini, amene ankatsogolera gululo. Anapangana kuti adzabwere Lamulungu lina masana. Bambo Dennis anayamba kundiphunzitsa mwambo wake. Oimba amakhala mozungulira. Wina akamaimba mawu, kapena ikakhala nthawi ya chida china, enanu mumatsika, kumangomuchirikiza chapansipansi. Wotsogolera akakugwedezera mutu, ndiye kuti nthawi ndi yako, uonetse zimene uli nazo, ukatha usiyire mnzako. Kwa ine zinali zachilendo. Kwathu aliyense amakwapula mmene angathere mpaka nsambo iduke.

Lachisanu la sabata imeneyo Esinati anaimba foni ndili pa basi. Sanapereke moni.

"Achimwene, bambo atisiya."

Pasipoti inali isanabwere. Ndinapitirira potsikira panga, ndinakazindikira basi itafika kumapeto, dalaivala akundiuza kuti nditsike.

Loweruka anzathu a ku Malawi anasonkhana kunyumba ya nesi wina ku Evington, poti kachipinda kanga sikakanakwana anthu. Anaimba nyimbo za m'buku, anapemphera, anapereka chipepeso. Mulungu awadalitse. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawadziwa bambo anga, ndipo mkulu uja nyimbo za m'buku sankazidziwa n'komwe. Ana a panyumbapo ankandiyang'ana pamakwerero, akunong'onezana m'Chingerezi. Kwa eni kulibe mkuwe. Ndinalira mwaulemu, poopa oyandikana nawo nyumba.

Mwambo woika maliro unali mawa lake, Lamulungu lomwe lija. Tembo anandikokera pambali.

"Shifiti yako nizagwira ine. Nkhala pa nyumba, mwana."

"Shifiti ungagwire," ndinamuuza. "Nanga mpini?"

Komanso kukhala ndekha pamwamba pa butchala, kuyang'ana khoma pamene kwathu akukumba manda, sindikanatha. Ndinapita kuntchito. Esinati anali atalonjeza kuti akamanyamuka kupita kumanda anditumizira uthenga. Foni sinkaloledwa pantchito, koma tsiku limenelo ndinaisiya m'thumba. Bambo Dennis sindinawauze kanthu. Ndinawameta, ndinawaveka malaya awo amandalasi, ndinawapesa. Ankanjenjemera ngati mkwati.

Anzawo anafika ndi mabokosi awo. Mayi Pauline anali wamfupi, waimvi, wamaso akuthwa. Panali mkulu wina wonenepa wa besi, wina wa gitala, ndi kankhalamba kowonda ka mandolini. Tinakhala mozungulira m'chipinda chochezera, okalamba ena ali m'mipando yawo m'mbali mwa khoma. Ataona mmene takhalira awirife pa banjo imodzi, palibe anaseka. Mayi Pauline anangoweramitsa mutu n'kuyamba kuchuna.

Nyimbo yoyamba tinayamba chapansipansi monga mwa mwambo. Wa gitala anaimba mawu, wa mandolini anatenga nthawi yake, vayolini inatenga yake. Kenako Mayi Pauline anagwedezera mutu Bambo Dennis. Ndinamva mpweya uja pamsana pawo, ndipo tinalowa. Zala zawo zinathamanga kuposa masiku onse amene tinkayeserera, langa likutsatira ngati mbuzi yokokedwa pa chingwe, koma silinagwe. Titamaliza, mkulu wa besi anatembenukira kukhoma n'kumapukuta magalasi ake nthawi yaitali.

Tili pakati pa nyimbo yachitatu, foni inanjenjemera pantchafu panga. Sindinafunike kuiwerenga. Ndinaona bokosi likutuluka pakhomo pathu, ndinaona njira yodutsa kuseri kwa msika. Dzanja langa linaima pamalo amodzi. Nyimbo inapitirira, Bambo Dennis akukodola, koma mawu ankatuluka okhota. Analeka.

"Dzanja langa latani, bakha?" anafunsa motsitsa.

Ndinawanong'oneza kukhutu kuti bambo anga anamwalira dzana, ndipo panopa akuwanyamula kupita kumanda.

Anakweza dzanja, onse anasiya. Kenako anayamba kuvula zikhadabo zija ndi mano, poti analibe dzanja lina lovulira, n'kumazilavulira pamiyendo pawo chimodzichimodzi. Anakankhira banjo yonse kwa ine.

"Bambo ake a mnzathuyu akuikidwa lero," anauza anzawo. "Nawonso anali a banjo." Ndipo kwa ine anati, "Pabwalo pano aliyense amakhala ndi nthawi yake. Imba mmene ankaimbira iwowo."

Mutu wanga munalibe nyimbo ya maliro ngakhale imodzi. Imene inabwera ndi imene bambo anapeka okha, yoseketsa, imene anthu ankaipempha pa mowa. Imanena za mayi wina amene ankangobwera ndi chidebe chomwecho kuti chimatidwe. Chidebe chadonthanso, Nabanda, kodi ndi chidebe kapena ukufuna ine? Ndinakwapula ndi dzanja lonse, nsambo zonse pamodzi, kansambo kakafupi kaja kakulira liwu lake pamwamba.

Woyamba kundipeza anali wa besi. Anamvetsera pang'ono, n'kuyamba kugunda pansi panga. Gitala inalowa, mandolini inayamba kuwaza nkhuni zake. Onse anatsika monga mwa mwambo wawo, kundisiyira bwalo. Pofika poyankha, ndinamva mawu kuchokera pakhomo. Anali Tembo, atagwira thireyi ya makapu, akuyankha kuti kapena ukufuna ine, poti yekhayo ndi amene ankamva mawuwo. Kankhalamba ka mandolini kanakweza mawu ake m'mwamba mwa anga, opanda chinenero, ongolira basi, mmene amachitira kumapiri kuja. Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinalira mokuwa, kukamwa kuli yasa, dzanja likukwapulabe. Okalamba a m'mbali mwa khoma ankaomba m'manja mosangalala, poti kwa iwo inali nyimbo yovina. Sanalakwe. Maliro a bambo anga amene ine ndinakhalapo ndi amenewo.

Bambo Dennis anamwalira m'nyengo yachisanu yotsatira. Pa maliro awo tinalipo anthu osadzaza ngakhale minibasi. Banjo ija anaitenga mwana wawo wamkazi, sindikudziwa kumene ili. Pasipoti yanga inabwera pambuyo pake, m'envelopu wamba, wapositi n'kuiponya pansi pa chitseko pamodzi ndi mapepala otsatsa malonda. Ndinaiyang'ana ndipo sindinamve chilichonse.

Nditafika kwathu, pamalo pamene bambo ankakhomera zidebe ndinapeza mtsikana akugulitsa mayunitsi. Ana a abale anga ankandithawa, akuluakulu ankanditcha a ku UK, n'kumandipatsa mpando pamene iwo akhala pa mphasa. Esinati anali atakalamba kuposa ine, ngakhale ndi wamng'ono kwa ine. Zaka zonse zija ndi iye amene ankasambitsa bambo, kuwatembenuza ndi kuwadyetsa, ntchito yomwe ine ndinkalandirira malipiro kwa eni. Anandiperekeza kumanda, anandilozera mtumbira, n'kukaima patali.

M'chipinda cha bambo banjo yawo inali pa msomali, chitini chitachita dzimbiri. Nditaitsitsa ndinaona kuti mpini wake ukunyezimira, pamene nsambo kumunsi kuno zinali ndi fumbi. Ndinamufunsa Esinati kuti ndani ankaigwira.

"Eni ake," anatero. Anakhala pansi pakhomo. "Tsiku lililonse ankailoza ndi maso mpaka tiwapatse. Ankaigoneka pamiyendo, dzanja lamanzere likuyendayenda pa mpinipo, kudina apa, kudina apo, nyimbo yonse mpaka kumapeto. Koma mawu osatuluka, poti lokwapulira lija ndi limene linafa. Ine ndinayesapo kuwakwapulira. Ankapukusa mutu. Ana anayesa, ankawakankha. Palibe ankadziwa polowera. Ndiye ankangodina okha choncho, akamaliza n'kumayang'ana kukhomo."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka sabata yomaliza."

Ndinakhala pa bedi lawo. Ndinamufunsa kuti bwanji sanandiuze, nthawi zonse zija tinkayankhulana.

Esinati anandiyang'ana, osati mwaukali, koma motopa.

"Mukanatani, achimwene? Mukanatumiza dzanjalo pa foni?"